Kafunse ndi Madzi a Pakona

Kafunse anali kamtsikana kakafupi. Koma mafunso ake anali aatali. Akadzuka, funso. Akamasamba, funso. Akamadya, funso. N'chifukwa chake onse ankangomuitana kuti Kafunse.

Kafunse ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake asachotsedwe ntchito.

Amayi ake ankagwira ntchito pasukulu yake yomweyo. Ankasesa. Ankakolopa. Ankapukuta mazenera. Ankafika m'mawa ana asanabwere, ndowa kumanja, chokolopera kumanzere. Akakolopa, pansi pankawala.

Koma m'kalasi ya Kafunse munali vuto. Pakona panali shelefu ya mabuku. Pansi pa shelefuyo pankatuluka madzi. Dzulo madzi. Lero madzi. Mawa madzinso. Mabuku a m'munsi ananyowa. Buku la nyama linatupa ngati buledi.

Lolemba, ahedi analowa m'kalasimo. Ahedi ndiwo anali akulu a sukulu yonse. Anavala nsapato zakuda zonyezimira. Anaponda pakona paja. Phwa! Nsapato inalowa m'madzi. Sokosi inanyowa. Ndipo munthu wa sokosi yonyowa sachedwa kupsa mtima.

Ahedi anaitana amayi a Kafunse. Anawalankhula pakhomo, ana onse akumva.

"Mayi, mukukolopa bwanji kodi? Mukusiya madzi pansi pa shelefu. Mabuku aonongeka."

"Pepani, bwana," anatero amayi. "Koma ine ndimapukuta ndithu."

"Nanga madziwa abwera okha? Ndikupatsani mpaka Lachisanu. Akapezekanso, ntchito yatha."

Amayi anazyolika. "Ndamva, bwana."

Kafunse sanazyolike. Mtima unamuwawa kwambiri. Amayi ake sanali aulesi. Iye ankadziwa zimenezo. Koma kudziwa wekha mumtima sikuthandiza. Pafunika kuti ena aone.

*

Kalasi ya Kafunse inali ndi bulogu. Bulogu ndi tsamba la pa intaneti. Lili ngati kope limodzi la kalasi yonse. Ana ankalembapo pa kompyuta ya kumbuyo kwa kalasi. Makolo ankawerenga pa mafoni awo. Akawerenga, ankalemba ndemanga pansi pake.

Mwana aliyense ankasankha funso lake. Kenako ankafufuza yekha. Zimene waona ankaziika pa bulogu.

Pamwamba pa bolodi aphunzitsi analemba malamulo atatu.

Lemba zimene waona.

Ukalakwa, usafufute. Konza pansi pake.

Mnzako usamupatse yankho. Mupatse funso.

"Sabata ino tifufuza chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

Magalasi anaimika mkono. Magalasi anali mnzake wa Kafunse. Ankakhala desiki imodzi. Magalasi ake ankangotsetsereka pamphuno.

"Ine ndikufuna kudziwa za nyerere," anatero Magalasi. "Zimayendera chiyani pamzere?"

"Funso labwino. Nanga iwe, Kafunse?"

Kafunse anaimirira. Analoza pakona.

"Kodi madzi a pakona amachokera kuti?"

Ana anaseka. Wina wa kumbuyo anakuwa.

"Amachokera m'ndowa ya amayi ako! Aliyense akudziwa!"

Kafunse anatembenuka. Anamuyang'ana m'maso.

"Unaona?"

"Ayi, koma ahedi anena."

"Ahediwo anaona?"

Aphunzitsi anatsokomola pang'ono. Mwina ankabisa kuseka.

"Funso ndi funso," anatero aphunzitsi. "Safunsa anadya phula. Kafunse, pita ukalembe."

*

Kafunse anakhala pa kompyuta. Ankalemba ndi zala ziwiri. Ta, ta, ta.

Analemba kuti: "Funso langa: madzi a pakona amachokera kuti? Ine ndikuti denga likudontha."

Anadina batani. Mawu aja anakwera pa bulogu. Kafunse anamwetulira. Anaganiza kuti wamaliza.

Posakhalitsa ndemanga inabwera. Inali ya Magalasi.

"Kodi mvula inagwa liti?"

Kafunse anakanda m'mutu. Mvula inali isanagwe kwa mwezi wathunthu. Anayang'ana kudenga. Kunali kouma gwaa. Kunali kangaude yekha, naye wouma.

Manyazi anamugwira. Makolo onse awerenga kuti walakwa! Anatambasula chala kuti afufute.

"Kafunse," anatero aphunzitsi. "Lamulo lachiwiri likuti chiyani?"

"Ukalakwa, usafufute," anayankha Kafunse motsitsa mawu.

"Ndiye?"

Kafunse anabweza chala. Anapuma kwambiri. Kenako analemba pansi pake.

"Ndinalakwa. Si denga. Mawa ndiyesanso."

Mawu akuti ndinalakwa ndi aafupi. Koma kuwalemba n'kovuta. Kafunse anatuluka thukuta pamphuno.

*

Lachiwiri, Kafunse anapempha choko. Aphunzitsi anamupatsa cha buluu.

M'mawa pakona panali pouma. Kafunse anadikira. Belu la buleki linalira. Ana anatuluka kukasewera. Atabwerera, madzi anali atafika. Kanali kachithaphwi kakang'ono.

Kafunse anagwada. Anazunguliza chithaphwicho ndi choko cha buluu. Anayeza ndi chikhatho chake. Chikhatho chimodzi.

Kenako kalasi yonse inapita panja kukaimba. Anaimba nyimbo zitatu. Kafunse ankaimba pakamwa pokha. Mtima wake unali pakona.

Atabwerera anathamangira pomwepo. Ha! Madzi palibe. Mzere wa buluu palibenso. Pansi pali mbee.

Masana zinachitikanso. Madzi anabwera. Kafunse anajambula mzere. Anapita kukamwa madzi panja. Pobwera, madzi palibe, mzere palibe.

Kafunse anakhala kakasi. Koma lamulo loyamba likuti lemba zimene waona. Ndiye analemba.

"Madzi anabwera kawiri. Anathawa kawiri. Choko changa nacho chathawa."

Ndemanga inabwera. Inali ya azakhali a Magalasi. Iwo ntchito yawo inali yokonza mapaipi.

"Madzi akauma okha, kodi choko chimapita kuti?"

Kafunse anawerenga kawiri. Anawerenganso kachitatu. Zoonadi! Madzi akauma okha, mzere umatsala. Ndiye kuti pali munthu amene akupukuta.

*

Madzulo, dzuwa lisanalowe, amayi ankachapa kuseri kwa nyumba. Mng'ono wake wa Kafunse ankasewera ndi thovu.

"Kafunse, tanditengera epuloni yanga," anatero amayi.

Kafunse anatenga epuloni. M'thumba munali chinthu chonyowa. Anapisamo dzanja. Anatulutsa kansanza. Kansanzako kanali ka buluu.

Kafunse anayang'ana kansanza. Anayang'ana amayi.

"Amayi, ndinu?"

Amayi anasiya kuchapa. Anakhala pa ndowa yovundikira.

"Ndine, mwanangu. Mukangotuluka, ine ndimalowa. Ndimapukuta msangamsanga. Lero ndapukuta kawiri."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndikapanda kupukuta, ahedi aona madzi. Akaona madzi, ntchito yatha."

"Koma si inu amene mumawasiya!"

"Si ine. Koma andikhulupirira ndani?"

Kafunse anayang'ana manja a amayi ake. Anali ong'aluka ndi sopo. Misozi inalengeza m'maso mwake. Koma sanalire.

"Amayi, mupukuta mpaka liti? Mukapukuta, palibe aone kumene madzi akuchokera. Asiyeni tsiku limodzi lokha."

"Ndisiye madzi m'kalasi? Dala?"

"Dala."

"Iwe mwana, ntchito saseweretsa."

"Sindikusewera, amayi. Ndikufufuza."

"Ayi," anatero amayi.

"Tsiku limodzi lokha."

"Ndati ayi."

"Tsiku limodzi lokha, amayi."

Amayi anapukusa mutu. "Makani amenewa unawatenga kuti?"

Kafunse anapinda kansanza ka buluu kaja. Anakaika pawindo kuti kaume.

*

Lachitatu m'mawa, Kafunse anafika m'kalasi msanga. Aphunzitsi anali atafika kale. Amayi anaima pakhomo. Ndowa kumanja. Chokolopera kumanzere.

Amayi anayang'ana pakona. Anayang'ana mwana wawo. Anaima choncho nthawi yaitali.

Kenako anatembenuka. Anapita kukachipinda kosungira zida. Anaikamo ndowa. Anaikamo chokolopera. Anakhoma chitseko. Kiyi anapatsa aphunzitsi.

"Aphunzitsi, sungani kiyiyu. Lero muno sindikolopa. Lero muno sindipukuta."

Aphunzitsi analandira kiyi.

Kafunse analumpha. Anakumbatira amayi ake m'chiuno.

"Basi, basi," anatero amayi. "Kayeze madzi akowo."

Aphunzitsi anabwereketsa foni yawo. Kafunse anajambula chithunzi cha pakona pouma. Anajambulanso kiyi ali patebulo. Anaziika pa bulogu.

"Lero palibe amene akolope. Ndowa yakhomeredwa. Tiyeni tione."

Belu loyamba linalira. Pakona pouma.

Belu lachiwiri linalira. Pakona pouma.

"Mwina sabwera," ananong'ona Magalasi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero aphunzitsi.

Belu la buleki linalira. Ana anatuluka. Kafunse sanatuluke. Anakhala pansi pafupi ndi shelefu. Magalasi anakhala naye. Anasuntha mabuku onse a m'munsi.

Anadikira. Anadikirabe.

Kenako Kafunse anagwira mnzake pamkono.

"Taona!"

M'munsi mwa khoma munatuluka kadontho. Kenako kena. Kenako kena. Madzi anayamba kukwawa pasimenti.

Kafunse anajambula mzere wa buluu. Chikhatho chimodzi. Anadikira pang'ono. Anajambula mzere wina. Zikhatho zitatu. Anadikiranso. Zikhatho zisanu ndi chimodzi!

Mizere yonse inayambira pakhoma. Palibe unayambira pakati pa kalasi.

Kafunse anajambula zithunzi. Anathamangira pa kompyuta. Ta, ta, ta.

"Ndowa ili mokhoma. Koma madzi abwera. Abwera pa buleki. Atuluka m'munsi mwa khoma."

Azakhali okonza mapaipi anayankha msanga. Yankho ankalidziwa ndithu. Koma sananene. Analemba funso.

"Kodi kuseri kwa khomalo kuli chiyani? Nanga pa buleki anthu amatani kumeneko?"

Kafunse ndi Magalasi anatuluka liwiro. Anazungulira kuseri. Kunali mpopi wosambira m'manja. Pansi pa mpopi panali sinki. Pansi pa sinki panali paipi yochotsa madzi. Paipiyo inalowa m'khoma. Khoma lomwe lija!

Ana anali pamzere. Ankasamba m'manja mmodzimmodzi. Madzi ankalowa m'sinki. Ankalowa m'paipi. Ankalowa m'khoma.

Kafunse anabwerera. Analemba kuti: "Tsopano ndikuti ndi paipi ya sinki."

*

Masana kunamveka nsapato m'khonde. Kwa, kwa, kwa. Ahedi analowa. Foni inali m'manja mwawo. Nkhope inali yokwinya.

Anayang'ana pakona. Chithaphwi chinali chachikulu kuposa masiku onse.

Anaitanitsa amayi a Kafunse. Amayi anabwera. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Mayi, madziwa mwawaona?"

"Ndawaona, bwana."

"Ndipo mwawasiya?"

"Ndawasiya, bwana."

"Dala?"

"Dala, bwana."

Ahedi anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Amayiwa anali asanawayankhepo chonchi.

Kenako anakweza foni yawo.

"Ndipo izi walemba ndani? Makolo onse akuwerenga. Akundiimbira foni. Akuti sukulu yathu ikudontha. Zimenezi n'zochititsa manyazi. Zifufutidwe tsopano lino!"

Kafunse anaimirira. Ankachita mantha kwambiri.

"Ndalemba ndine, ahedi."

"Chabwino. Pita ukafufute."

"Pepani, ahedi. Sindifufuta."

Ana onse anatong'ola maso. Magalasi a Magalasi anatsetsereka mpaka pansonga ya mphuno.

"Wati chiyani?" anafunsa ahedi.

"Sindifufuta. Ndaona. Ndayeza. Ndalemba."

"Nanga ngati walakwa?"

"Ndikalakwa, ndilemba pansi pake kuti ndinalakwa. Ndinalembapo kale. Taonani pamwambapo."

Ahedi anayang'ana foni. Anakweza tsamba ndi chala. Anawerenga za denga. Anawerenga mawu akuti ndinalakwa. Anayang'ana malamulo atatu pabolodi. Malamulowo anawavomereza okha chaka chitangoyamba.

"Aphunzitsi," anatero ahedi, "mwanayu ndi wamakani."

"Kwambiri," anayankha aphunzitsi. "Koma ali pa lamulo lachiwiri."

Ahedi anayang'ananso Kafunse.

"Ukuti ndi paipi ya sinki. Paipi ili m'khoma. Iwe sunaione. Udziwa bwanji?"

"Limenelo ndi funso labwino, ahedi," anatero aphunzitsi. "Ndi lamulo lachitatu limenelo."

Kafunse anaganiza. Anayang'ana mizere yake ya buluu. Anaganizabe.

"Mawa titseke mpopi tsiku lonse," anatero. "Aliyense asambe m'manja kwina. Ngati ndi paipi, madzi sabwera."

"Akabwera?"

Kafunse anayang'ana amayi ake. Amayi anagwedeza mutu pang'ono.

"Akabwera, ndilemba kuti ndinalakwa."

"Akabwera, mawu anga a Lolemba ali pomwepo," anatero ahedi. "Lachisanu ntchito yatha."

Anatuluka. Kwa, kwa, kwa. Ulendo uno anazungulira chithaphwi.

*

Lachinayi, aphunzitsi anamanga mpopi ndi chingwe. Magalasi analemba pepala. "Lero mpopi uli patchuthi." Analimata pasinki. Pabwalo anaika zidebe zosambira m'manja.

Pakona amayi anapukutapo kamodzi, ahedi akuona. Kenako ndowa inabwerera mokhoma. Ulendo uno kiyi anasunga ahedi okha. Anamuika m'thumba la jekete.

Belu loyamba linalira. Pakona pouma.

Belu lachiwiri linalira. Pakona pouma.

Belu la buleki linalira. Mtima wa Kafunse unali m'mwamba. Lero sanakhale ndi Magalasi yekha. Ana asanu anatsala nawo. Ngakhale uja wa kumbuyo anatsala. Onse anagona chafufumimba. Maso onse pakhoma.

Nyerere inatuluka m'munsi mwa khoma. Kenako ina. Magalasi anasangalala. Koma dontho silinatuluke.

Buleki inatha. Pouma.

Masana anafika. Pouma.

Belu lowerukira linalira. Pouma gwaa!

Ana anaomba m'manja. Kafunse anathamangira pa kompyuta.

"Mpopi wotseka. Madzi palibe. Ndapambana!"

Koma ndemanga inabwera. Inali ya ahedi. Inali ndemanga yawo yoyamba pa bulogu.

"Mwina madzi angotha okha. Nanga mpopi tikautsegulanso?"

Kafunse anafwenthera. Anakwiya pang'ono. Koma funsolo linali loona. Analemba pansi pake.

"Ndafulumira. Sindinapambane. Mawa titsegule tione."

*

Lachisanu linafika. Ndowa inali mokhomabe. Kiyi anali m'thumba la ahedi.

Ahedi anamasula chingwe okha. Anatsegula mpopi okha. Anasamba m'manja. Aphunzitsi anasamba m'manja. Ana makumi atatu anasamba m'manja. Sikunaonekepo manja oyera chonchi pasukulupo.

Kenako onse analowa m'kalasi. Anaunjikana pakona. Amayi a Kafunse anaima pakhomo. Anagwira felemu ya chitseko mwamphamvu.

Anadikira.

Khoma lili chete.

Anadikirabe.

"Bwera, bwera, bwera," ananong'ona Kafunse.

Kadontho kanasuzumira m'munsi mwa khoma. Kenako kena. Kenako kena. Madzi anakwawa pasimenti. Anakwawa mpaka anakhudza nsapato yakuda yonyezimira.

Ahedi sanasunthe phazi. Anangoyang'ana.

Azakhali okonza mapaipi anafika ndi thumba lawo la zida. Anagogoda khoma ndi hamala. Go, go, go. Anachotsa njerwa ziwiri. Anaunika ndi tochi.

"Kafunse, tabwera uone wekha," anatero.

Kafunse anasuzumira. Paipi inali yong'aluka. Mng'alu wake unali wautali ngati chala. Madzi ankadontha pamenepo. Do, do, do.

"Ine ndinadziwa Lachitatu," anatero azakhaliwo. "Lilime linkandiyabwa kuti ndinene. Koma lamulo ndi lamulo."

Kafunse anajambula chithunzi cha paipi. Anachiika pa bulogu.

"Funso langa layankhidwa. Madzi a pakona amachokera m'paipi yong'aluka. Sachokera m'ndowa."

Ahedi anatulutsa kiyi m'thumba. Anapita pakhomo. Anapereka kiyi kwa amayi ndi manja awiri. Analankhula mokweza, ana onse akumva, monga analankhulira Lolemba.

"Mayi, ndinakulakwirani. Ndinakulozani chala ndisanaone. Pepani. Ntchito yanu ndi yabwino. Ntchito yanu ilipo."

Amayi analandira kiyi. "Zikomo, bwana," anatero. Ulendo uno sanazyolike.

Kenako ahedi anapita kumbuyo kwa kalasi. Anakhala pa kampando ka ana. Mawondo anafika pachifuwa. Anapeza mawu awo a dzulo pa bulogu. Analemba pansi pake ndi chala chimodzi. Ta. Ta. Ta.

"Ndinalakwa. Si amayi okolopa. Ndi paipi."

Anatenga nthawi. Nawonso anatuluka thukuta pamphuno.

Kafunse anaima pambali pawo. Anawerenga.

"Musadzafufute, ahedi," anatero.

Ahedi anaseka mpaka kampando kanalira. "Sindifufuta, mwanawe."

*

Madzulo a tsikulo onse atatu anakhala pakhonde. Amayi pakati. Kafunse kumanja. Mng'ono wake pamiyendo.

Amayi anatulutsa foni yawo. Galasi lake linali losweka pakona. Koma mawu ankaoneka.

"Tandiwerengera zonse," anatero amayi. "Yambira poyamba."

Kafunse anawerenga za denga. Amayi anaseka. Anawerenga za choko chothawa. Amayi anagwira pakamwa. Anawerenga mawu a ahedi.

"Pamenepo bwereza," anatero amayi.

Kafunse anabwereza.

"Bwerezanso."

Kafunse anabwerezanso. Mng'ono wake naye anayesa kunena. "Ndi papi! Ndi papi!"

Kansanza ka buluu kanali pawindo paja. Kanali katauma. Kafunse anakatenga.

"Ndikachape, amayi?"

"Ayi, kasiye choncho," anatero amayi. "Pakhomo panonso sitifufuta."

Kenako amayi anagwira foni bwinobwino.

"Nanenso ndikufuna kulemba ndemanga. Ndidine pati?"

"Apa. Koma kumbukirani lamulo. Yankho ayi. Funso lokha."

"Funso ndili nalo," anatero amayi.

Analemba pang'onopang'ono ndi chala chawo chong'aluka. Atamaliza anapatsa Kafunse foni.

Kafunse anawerenga mokweza.

"Kodi makani a mwana wangayu amachokera kuti?"

Kafunse anaseka. Anatsamira paphewa la amayi ake. Anatenga foni. Analemba pansi pake.

"Ndafufuza kale. Ndinaona Lachitatu m'mawa. Amachokera kwa amayi."